Ndege yokhota ndi mchira wokha: zimatheka ndithu, koma mphepo ya kwathu kuno muidziwe kaye

Ndege imatha kunyamuka, kukhota komanso kutera bwinobwino popanda tizitseko tija ta kumapeto kwa mapiko timene amati ma aileron. Ndayamba ndi mawu amenewa dala chifukwa nkhaniyi yavuta pakati pa anyamata owotcherera ndi okonza njinga zamoto kuno ku Ulongwe, aliyense waonerako kavidiyo pa Facebook kapena pa YouTube ka munthu amene wapanga kandege kuseri kwa nyumba yake, nde ena akuti zimenezo nzabodza ndege singakhote ndi rudder yokha, chiwongolero choimirira chija cha kumchira, ena akuti iyayi nzophweka kwambiri, ungochotsa ma aileron basi wachepetsa ntchito ndi ndalama zomwe. Magulu onse awiriwa sindikugwirizana nawo. Koma amene akundisowetsa tulo ndi achiwiriwa, chifukwa oyambawo sadzakwera chilichonse, pomwe enawa makina owotcherera ali nawo m'manja, ndipo mtima wolimba alinso nawo.

Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto, ndege yaikulu sindiyendetsa. Koma za kuuluka zinandilowa m'magazi kalekale, ndimawerenga chilichonse chimene ndachipeza, ndipo timandege ting'onoting'ono ta foam woyera uja amabwera m'makatoni a mafiriji ndimapanga, kuuluka timauluka ndithu. Nde zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaziona ndi maso pa timandege timeneti kuphatikiza mbiri ya anthu amene anayesa kale ndi matupi awo.

Ndege wamba ili ndi njira zitatu zoiwongolera. Elevator ili kumchira, yogona, imadzutsa mphuno kapena kuiweramitsa. Rudder ilinso kumchira koma ndi yoimirira, imapotoza mphuno kumanja kapena kumanzere. Ma aileron ali kumapiko, amapendeketsa ndege, phiko lina m'mwamba lina pansi. Tikamati ndege yonyamula munthu ikuyenda ndi rudder yokha sitikutanthauza kuti elevator palibe ayi, imeneyo ilipo, amene achotsedwa ndi ma aileron okha. Ndipo chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti ndege imakhota chifukwa yapendekeka, mphamvu ija ya mapiko imene imakokera m'mwamba tsopano ikukokerako ndi cham'mbali, kungolozetsa mphuno kwina kokha sikukhotetsa ndege, imangoyenda chammbali basi. Nde ngati ma aileron palibe, chiipendeketse nchiyani?

Chimaipendeketsa ndi kamangidwe ka mapiko. Mukaima kutsogolo kwa ndege yotere muona kuti mapiko ake sali fulati, nsonga zake zakwera m'mwamba kupanga chilembo cha V chotambasuka, ndi zimene amati dihedral. Tsono tsatirani bwino apa chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mwakhotetsa rudder kumanzere, mphuno yapotokera kumanzere, koma ndegeyo kwa kamphindi ikupitabe komwe imapita poyamba chifukwa cha liwiro, nde mphepo tsopano sikuifikiranso kutsogolo kwenikweni, ikubwera chakumanja. Phiko la kumanja latsogola, ndipo poti nsonga yake ndi yokwera mphepo ija ikulimenya chakunsi, likunyamuka. La kumanzere latsalira m'mbuyo, mphepo ikulifikira chapamwamba, likutsika. Onjezaninso kuti pamene mphuno ikupotoka phiko la kunja limathamanga pang'ono kuposa la mkati, limanyamula kwambiri. Ndegeyo yapendekera kumanzere yokha, yayamba kukhota. Ntchito ya aileron yagwiridwa ndi phiko lenilenilo.

Ngati mukukayika yesani nokha, sizifuna ndalama. Dulani katoni kutalika ngati mkono wanu, m'lifupi ngati chikhatho, ipindeni pang'ono pakati kuti nsonga zikwere, gwirani pakatipo ndi zala ziwiri mosafinya, imani poyera tsiku la mphepo. Ikaloza mphepo molunjika imangokhala. Mukangoipotoza pang'ono kuti nsonga imodzi itsogole mumva m'zala ikufuna kugudubuka, nsonga yotsogolayo ikukwera. Kenako iwongoleni ikhale fulati mubwereze, muona kuti zija zatha. Amene akuchotsa ma aileron pa phiko la fulati akupanga chinthu chimene chikapendekeka sichidzabwereranso, ndipo munthu ali mkatimo adzangoonerera nthaka ikubwera.

Pa timandege tanga ta mita imodzi kuchokera nsonga kufika nsonga, ndimakweza nsonga iliyonse masentimita 6 kapena 7 kuchokera pa tebulo, ndiye kuti madigiri 7 kapena 8 mbali iliyonse. Pakati ndimalimbitsa ndi kamzere ka nsungwi kopala bwino, rudder yake poyamba imangokhala kachidutswa ka chitini cha zakumwa komata kumchira, kuti ndizikapinda ndi chala. Ukakaponya m'mawa kudambo kopanda injini kopanda chilichonse, kachitini kali chowongoka, kamapita molunjika ndipo kakagwedezeka kamadzikonza kokha. Ukapinda kachitiniko pang'ono kwambiri, mwina kukula kwa chikhadabo, umaona koyamba mchira ukuseseleka, kenako patapita kamphindi phiko likutsika, kenako nkuyamba kuzungulira. Kamphindi kameneko kakuchedwa ndikufuna mukasunge m'mutu, tikumana nako kutsogoloku. Ukapinda mopitirira kamapendekeka kwambiri, mphuno pansi, nkumazungulira mothamanga mpaka kudzibaya m'dothi. Anthu oseweretsa timandege ta wailesi m'zaka za m'ma 1950 ankayendetsa choncho, batani limodzi loyendetsa rudder basi, kukwera ndi kutsika ankakudziwa ndi mmene akhotera.

Tsono za ndege zonyamula munthu. Munthu amene dzina lake limabwera koyamba ndi Henri Mignet wa ku France. Iyeyu kuyendetsa ndege wamba kunkamuvuta, zoti dzanja lizichita zina mapazi azichita zina nthawi imodzi, nde anaganiza zopanga ndege yoti munthu wamba aimange yekha kunyumba nkuiyendetsa ndi ndodo imodzi. Anaitcha Pou-du-Ciel, mtundu wake HM.14, inauluka mu 1933 ndi injini yaing'ono ya ma horsepower 17. Inali ndi mapiko awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo. Ukakoka ndodo phiko lonse la kutsogolo limapendama, ukaikankhira kumbali imayendetsa rudder yaikulu kumchira, mapedalo a rudder kunalibe, ma aileron kunalibe. Mu 1934 anatulutsa buku lofotokoza kamangidwe kake konse, anthu ambirimbiri ku France ndi ku Britain anayamba kumanga m'magalaja ndi m'zipinda, ndipo mu 1935 mwini wake anawoloka nayo nyanja ya pakati pa France ndi England.

Kenako anthu anayamba kufa. Mu 1935 ndi 1936 ndege zingapo zinaweramira pansi osadzukanso, mpaka maboma analetsa kuulutsa, akatswiri nkuiika m'chipinda choyesera mphepo kuti aone vuto. Anapeza kuti ndegeyo ikawerama kwambiri, woyendetsa akakoka ndodo kuti adzutse mphuno, kumbuyo kwa phiko loyamba kunkatsikira pafupi ndi phiko lachiwiri, mpata wa pakati nkuchepa, mphepo nkumadutsa pamenepo mothamanga, phiko la kumbuyo nkumanyamula kwambiri, mchira m'mwamba mphuno pansi, ndiye kuti pamene munthu akukoka ndi mphamvu zake zonse kuti adzipulumutse mpamene akuwonjezera ngozi. Ndikaganiza za anthu amenewo mtima umandiwawa, anatsatira buku bwinobwino ndipo anachita chimene aliyense akanachita. Onani kuti chimene chinawapha si kusowa kwa ma aileron, kukhota ndi rudder kunkayenda bwino. Chinali chinthu china chimene palibe anachiona ndi maso pa nthawi yomanga. Mignet anakonza, anatalikiranitsa mapiko awiri aja kuti asamasanjikizane, ndipo mitundu ya pambuyo pake ikuulukabe mpaka lero. Koma ngati munthu amene anatha zaka akuyesa anaphonya chinthu choterocho, nanga ife tikangojambula zathu pa simenti ndi choko?

Ku America nkhaniyi inadzukanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. John Chotia anapanga Weedhopper mu 1977, mapaipi a aluminiyamu omanga ndi mabawuti, nsalu ya Dacron pamapiko, rudder ndi elevator basi, ndipo anagulitsa zambiri zoti munthu akamange yekha. Quicksilver MX nayonso inatchuka, ndodo yake imayendetsa rudder ndi elevator, mapedalo amadzutsa timatabwa pamwamba pa phiko timene timachepetsa kunyamula mbali imodzi. Mu 1982 dziko limenelo linakhazikitsa lamulo lotchedwa Part 103, loti kandege ka munthu m'modzi kosapitirira makilogalamu 115 kopanda munthu ndi mafuta, konyamula petulo wosapitirira malita 19, kosathamanga kuposa makilomita 102 pa ola, ndipo kotha kukhalabe m'mwamba pa liwiro lotsika mpaka makilomita 44 pa ola, kangathe kuuluka popanda laisensi. Mavidiyo ambiri amene mukuonera akuchokera pansi pa lamulo limeneli. Ndi la ku America, kuno ku Mozambique siligwira ntchito, koma manambala akewo ndi othandiza chifukwa akukuuzani kukula ndi kulemera kwa chinthu chimene tikukambachi.

Nchifukwa chiyani omanga kunyumba amakonda kusiya ma aileron? Zifukwa zake nzomveka, sikuti ndi ulesi. Aileron imafuna mahinji, mawaya, timawilo todutsapo mawayawo, zonsezo ndi kulemera komanso malo ena oti chinthu chingaduke. Chachikulu, aileron ikatsika imapotokola phiko, nde phikolo liyenera kukhala lolimba kuti lisapotoke, likakhala lofewa limapindika mpaka ndege nkupendekera mbali yosiyana ndi imene mwaiuza. Komanso aileron yotsika imakoka mphepo kwambiri kuposa yokwera, mphuno imathawira kunja kwa kona, mpake woyendetsa ndege wamba amapondanso rudder pokhota. Abale awiri a ku America otchedwa Wright anakumana nazo zimenezi pa ndege yawo yopanda injini ya mu 1902, mpomwe anaganiza zoti rudder izitha kuyenda, chaka chotsatira pa 17 December 1903 ndi pamene anauluka ndi injini masekondi 12. Nde kwa munthu wophunzira, ndege ya dihedral yaikulu ndi rudder ndi yofatsa, ukasiya ndodo imafuna kudziwongola yokha. Mpaka apa zonse zili bwino.

Mtengo wake umalipira pa mphepo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna anzanga a ku Angonia, Tsangano ndi Macanga atchere khutu. Dihedral ija sidziwa kusiyanitsa mphepo ya m'mbali imene mwaiitana ndi rudder ndi mphepo ya m'mbali imene yangobwera yokha. Zonse imaziyankha chimodzimodzi, phiko la kumene kukuchokera mphepo limanyamuka. Woyendetsa ndege ya ma aileron akamatera mphepo ikuomba m'mbali amatsitsa phiko la kumphepoko ndi dzanja, mphuno nkuigwira ndi phazi kuti iloze msewu, zinthu ziwiri zosiyana nthawi imodzi. Inu wa rudder yokha simungathe, chida chanu ndi chimodzi ndipo chimachita zonse ziwiri pamodzi, mukafuna kutsitsa phiko mphuno ichoka pa msewu, mukafuna kuwongola mphuno phiko likwera. Muwonjezere kamphindi kaja kakuchedwa, muli mamita awiri kuchokera pansi, phiko lanyamuka mwadzidzidzi, mwakankha ndodo, ndegeyo iyambe kaye yapotoza mchira kenako ndiye iyankhe. Nthaka siidikira zimenezo.

Ndipo kumbukirani kupepuka kwake. Kandege ka makilogalamu 200 pamodzi ndi munthu, kuti kazitha kuuluka pang'onopang'ono choncho, kamafuna mapiko a masikweya mita 14 kapena 15, kutalika kwake mamita 9 kapena 10. Amene munanyamulapo lata pamutu tsiku la mwera mukudziwa mmene chinthu chachikulu chopepuka chimachitira mphepo ikachigwira m'mbali. Mwera wa June ndi July kuno kumapiri umaomba tsiku lonse, wozizira, wobwera mwamagulumagulu ukadutsa m'mitengo ya bulugamu ndi m'zitunda. September ndi October dzuwa likakwera nthaka imatentha, mpweya umakwera m'malo ena nkumatsika m'malo ena, akavuluvulu amangodzuka m'minda yopsereza popanda chenjezo, ndawaonapo akunyamula denga la khola. Nthawi ya dzinja mvula isanagwe kumabwera chimphepo chija chotembenuka uku ndi uku. Kufupi ndi phiri ngati Domwe, limene limapitirira mamita 2,000, mphepo ikadumpha phiri imagwera mbali inayo mozungulirazungulira. Pa zonsezi ndege ya rudder yokha malo ake ndi pansi, yomangirira ndi zingwe. Nthawi yake ndi m'mamawa kwambiri utsi wa m'makhitchini ukukwera chowongoka, kapena madzulo dzuwa litapendeka mphepo itagona, basi.

Bwalo lake nalonso ndi nkhani. Poti simungatere ndi mphepo ya m'mbali, mukufunika malo otambalala mbali zonse kuti muzinyamuka ndi kutera molunjika komwe mphepo ikuchokera tsiku limenelo, mabwalo a ndege akale kwambiri ankakhala choncho, chidambo chachikulu osati kamsewu kamodzi. Bwalo la mpira ndi mamita pafupifupi 100 okha ndipo kumapeto kuli magolo, mitengo ya mango ndi nyumba za aphunzitsi, silikwana. Madambo athu m'chilimwe amaoneka osalala ukaima patali koma ukayendamo muli zulu, mapondedwe a ng'ombe ouma gwa, ngalande za madimba, penanso mawaya a magetsi amene m'mwamba saoneka nkomwe.

Palinso china chimene mavidiyo sakuuzani, mpweya wathu ndi wopepuka. Ulongwe ali pa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamenepo mpweya wachepa kale ndi magawo 12 pa 100 alionse, kukatentha umachepanso. Injini imataya mphamvu pafupifupi magawo atatu pa 100 pa mamita 300 alionse amene wakwera, okonza njinga tikudziwa, njinga imene imakoka bwino ku Beira ikafika kuno imachita ulesi pa chitunda. Pulopela nayo ikugwira mpweya wochepa, phiko nalo likufuna liwiro lalikulu kuti linyamule katundu yemweyo, zonse zitatu zikukutsutsani nthawi imodzi. Musaganize kuti kutsikira ku mzinda wa Tete kwathetsa vuto poti ndi kumunsi m'mphepete mwa Zambezi, kumeneko October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pa kutentha koteroko mpweya wa ku Chingodzi umakhala wopepuka ngati wa pamalo okwera mamita 1,000. Munthu wa m'kavidiyo amene akunyamuka pa mtunda waufupi ali kudziko lozizira pafupi ndi nyanja, inu ndi ndege yomweyo kuno mudzathamanga nkuthamanga matayala osachoka pansi.

Mnyamata wina wa cha ku Domwe, mwana wa mlongo wa mnzanga, anandiitana kuti ndikaone chimene akupanga kuseri kwa malo ake owotcherera. Manja ali nawo mwana uja, mawotcheredwe ake ndi oyera, mzere wake ngati wa makina. Anali atamanga thupi lonse la ndege ndi mapaipi a sikweya aja timapangira zotchingira mawindo, mpando wa pulasitiki, matayala a wilibala, injini ya njinga ya 125 ataikhazika kutsogolo. "Amalume, mukuiona bwanji? Ma aileron sindiika, ndamva kuti safunika." Ndinati, "Mphwanga, za ma aileron tikamba, tiye tiyambe taiyeza." Tinabwereka sikelo yokoloweka ija amayezera mbatata ya kachewere, tinaimangirira pa nthambi, thupi lokhalo lopanda mapiko linapitirira kulemera kumene ndege yonse imayenera kukhala nako. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana muvi wa sikelo. Ndinamumvera chisoni chifukwa ndalama za mapaipi amenewo anazipeza movutika, koma ndinasangalalanso kuti wazionera pa sikelo, pansi, ali bwinobwino.

Chitsulo cha mawindo ndi cholemera koma mphamvu zake nzochepa poyerekeza ndi kulemerako. Omanga ndege amagwiritsa ntchito aluminiyamu wa mtundu wa 6061-T6, kapena mapaipi opyapyala a chitsulo cha 4130, kapena matabwa osankhidwa bwino opanda mfundo ndi pulayiwudi yopyapyala, mabawuti akenso ndi apadera. Kulemera kukawirikiza kawiri liwiro lofunika kuti unyamuke limakwera ndi magawo 41 pa 100, ndipo liwiro limenelo ndi lomwe udzagundire nalo pansi zinthu zikavuta. Injini ya 125 imapereka ma horsepower pafupifupi 10, pomwe injini za Rotax za ku Austria zimene zinkaikidwa kwambiri pa timandege timeneti, 447 imapereka pafupifupi 40, 503 pafupifupi 50. Ndipo pulopela simungangoimanga pa shafti ya injini yothamanga choncho. Pulopela ya mita imodzi ndi theka ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi nsonga zake zikuyenda mamita 470 pa sekondi, kuposa liwiro la phokoso limene ndi mamita 340, imangolira osakoka ndipo itha kusweka, mpake amaika giya kapena lamba wotsitsa mazunguliro kufika cha m'ma 2,500.

Wina anena kuti nanga ife osauka tisalotenso? Ayi, ndikukana zimenezo. Santos-Dumont wa ku Brazil uja anzathu olankhula Chipwitikizi amamunyadira, kandege kake ka Demoiselle ka mu 1909 thupi lake linali la nsungwi, zomwezi zili mbwee kuno, ndipo mapulani ake anawapereka ulere kuti aliyense amange, magazini ya Popular Mechanics inawasindikiza mu 1910. Kungoti mwini wakeyo anali munthu wochepa thupi, wa makilogalamu pafupifupi 50, ndipo anali atatha zaka zambiri m'mwamba ndi zibaluni asanafike pamenepo. Zipangizo zosavuta kupeza zimatheka, chimene sichitheka ndi kulumpha masamu ndi kuyesa.

Kuyesa kwake kwina tingathe ngakhale kumudzi. Phiko musanalikhulupirire mumalitembenuza chagada, kulimangirira mmene lidzakhalire pa ndege, nkulisenzetsa katundu. Ndege ikamakhota kwambiri kapena ikagundidwa ndi mphepo mapiko amanyamula kulemera kwake kangapo, nde amayesa pafupifupi kanayi. Ndege ya makilogalamu 200 ndiye kuti 800, matumba 16 a chimanga a makilogalamu 50, koma bwino kuthira mchenga m'timatumba ting'onoting'ono kuti muyale phiko lonse mofanana, kuchulutsako pang'ono chakufupi ndi thupi. Mukachotsa katunduyo phiko libwerere mmene linalili, popanda mng'alu, popanda bawuti yokhota. Likathyoka lathyokera pansi, mwaluza ndalama basi. Chinanso ndi pamene ndege imalendewera mofanana munthu ali pampando, pa ndege ya phiko limodzi ndi mchira wamba pamafunika pakhale cha pa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo. Ikalemera kumchira imadzutsa mphuno yokha ikangonyamuka, liwiro nkutha, ndipo rudder imene mukuidalirayo pa liwiro lochepa imakhala yofooka chifukwa mphepo yodutsa pamenepo yachepa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosabisa. Amene akufunadi ayambe ndi kandege ka foam ka rudder ndi dihedral, akaponye mpaka adziwe ndi maso kuti kulemera kumchira kumaoneka bwanji, dihedral yochepa imachita zotani, yochuluka imagwedeza bwanji mchira uku ndi uku. Akafika pa yaikulu asapeke yake, atsate mapulani a ndege imene anthu ambiri anamanga nkuuluka nayo zaka, osasintha kanthu, makamaka osachotsa ma aileron pa ndege imene mwini wake anaipanga ndi ma aileron, kapena kuchepetsa dihedral pa imene ilibe poti ikuoneka bwino ikakhala fulati. Ndipo kwa ine, poona mphepo ya kuno kumapiri, ndikanakhala ndi ndalama zomangira imodzi yokha ndikanasankha ya ma aileron nkulimbikira kuphunzira mapazi, chifukwa masiku abata kuno ndi owerengeka. Ya rudder yokha ndimaikonda, ndi yokongola m'kuphweka kwake, koma imafuna munthu wodziletsa amene angathe kufika kudambo anthu atasonkhana, ana akukuwa, nkunena kuti lero ayi kwachita mphepo.

Za boma musazizembe. Zonse zouluka m'dziko muno zili pansi pa Instituto de Aviação Civil de Moçambique, IACM, ndege zolembetsedwa kuno mumaziona ndi C9 pa thupi kapena kumchira, nde kafunseni kumeneko musanagule paipi ngakhale imodzi. Tilinso pafupi kwambiri ndi malire, kuchokera kuno ukangosochera pang'ono uli pamwamba pa Dedza, imeneyo ndi nkhani ina yaikulu. Kuphunzira kuyendetsa nako kumafuna mphunzitsi ndi ndege ya mipando iwiri, ku South Africa masukulu a timandege topepuka alipo ndipo ndege zomanga kunyumba kumeneko zimalembetsedwa ndi zilembo za ZU. Kudziphunzitsa wekha pa ndege imene sinaulukepo ndi kuyesa zinthu ziwiri zosadziwika nthawi imodzi, ikachita zachilendo sudziwa ngati ndi iweyo kapena ndi ndegeyo.

Panopa chimene ndikuchita ine nchaching'ono. Ndazika nsungwi yaitali m'mbali mwa dambo limene ndimaponyerako timandege, pamwamba ndamangirira kansalu kopepuka, m'mawa ndikamapita ku ntchito ndi madzulo pobwera ndimalemba m'kope komwe mphepo ikuchokera komanso ngati kansaluko kali lende, kakugwedezeka, kapena kaima chowongoka. Ndikufuna chaka chikamatha tidziwe kuti ndi miyezi iti ndi maola ati amene ndege yotere ingatuluke kuno. Anzanga a ku Tsangano, Furancungo ndi ku Zobwe amene nkhaniyi ikukusangalatsani, zikani yanu kwanuko muzilembanso, mundiuzenso ngati kuli dambo louma lotambalala mbali zonse lopanda zulu ndi mawaya, tidzafananize makope athu.